DZIKO LA ANTHU A MAU OCEPA

Nkhani ya madzulo ano iri ya mphunzitsi wina wa m'boma la Chongwe, amene anapita ku Finland nakakhalako kuyambira mwezi wa Januwale kufikira wa Juni. Iye ndi Msoli, anaphunzira nchito yace ku Chalimbana, ndipo wakhala zaka zambiri alikuphunzitsa ana a Giredi 1 pa sukulu ya kumudzi. Dzina lace likhale pambali, pakuti cofunika ndi zimene anaona.

Finland ndi dziko la kumpoto kweni-kweni kwa Ulaya, pakati pa Sweden ndi Russia. Ukulu wace sufika theka la Zambia, ndipo anthu ace ali ngati 5,600,000 okha. Magawo atatu mwa magawo anai a nthaka yace ndi nkhalango, ndipo nyanja zazikulu ndi zazing'ono ziripo pafupi-fupi 188,000. Wina angafunse kuti, kodi mphunzitsi wa kumudzi akafunenji kutali kotere? Cifukwa cace ndi ici: kwa zaka zambiri akatswiri a pa Yunivesite ya Zambia ndi a pa Yunivesite ya Jyväskylä ku Finland akhala alikugwirizana pofufuza za kaphunzitsidwe ka kuwerenga, ndipo mphunzitsi uyu anapita kukaona ndi maso ace m'mene ana a kumeneko amayambira zilembo.

CISANU NDI CETE

Anakwera ndeke pa bwalo la Kenneth Kaunda, limene liri m'boma lakwao lomwe, cimanga ciri cobiriwira m'minda. Anasintha ndeke panjira, ndipo pofika ku Helsinki anapeza dziko lonse liri mbuu ndi cipale cofewa. Mphepo inamlasa m'mphuno ndi m'makutu ngati singano. Ku Jyväskylä, mudzi umene uli makilomita ngati 270 kumpoto kwa Helsinki, dzuwa la mwezi umenewo limaturuka mocedwa, nilikwawa pang'ono pamwamba pa mitengo, nililowanso patapita maora asanu kapena asanu ndi limodzi. Ana amapita ku sukulu kuli mdima, nabwerako mdima uli pafupi.

Koma cimene cinamsautsa koposa cisanu ndi cete wa anthu. M'sitima ya pamtunda anakhala maora atatu pakati pa anthu ambiri osamva mau okweza ngakhale amodzi. Anapereka moni kwa mkulu amene anali naye pafupi, ndipo mkuluyo anangogwedeza mutu nayang'ana pazenera. Mphunzitsi anakumbuka basi yocokera ku Chongwe kunka ku Lusaka, m'mene anthu asanafike pa Chelstone amakhala atadziwana kale, atakambirana za mtengo wa feteleza ndi za maliro a dzana.

Pa nyumba yosanja imene anapatsidwamo cipinda zinali cimodzi-modzi. Anansi ace analikupitirira osafunsa m'mene wagonera. Akati apereka moni, anali kunena kamau kamodzi, "hei", basi. Milungu itatu inatha wopanda munthu womgogodera pakhomo, ndipo mumtima mwace anatsimikiza kuti anthu awa amuda cifukwa ca khungu lace.

Pamenepa coonadi cisabisike. Tsankho liriko ku Finland. Mu 2018 bungwe la European Union loyang'anira za ufulu wa anthu linasindikiza zimene linapeza pofunsa anthu akuda okhala m'maiko 12 a ku Ulaya, ndipo ku Finland ndiko kunapezeka ambiri koposa onena kuti anacitidwa cipongwe cifukwa ca khungu. Mphunzitsi yemwe anatukwanidwapo tsiku lina ndi munthu woledzera pamalo oyembekezera basi. Koma cete wa anansi ace unali wa mtundu wina, ndipo anauzindikira motere.

Tsiku lina mamawa anaterereka pa madzi oundana pakhomo pa nyumba, nagwa cagada. Nkhalamba ina ya pa cipinda coyang'anana ndi cace inaona, koma sinaseke kapena kupepesa. Madzulo ace inagogoda, nimpatsa timalamba tiwiri ta mphira tokhala ndi misomali yaifupi, nimuonetsa ndi manja m'mene amatikolekera kunsi kwa nsapato, nibwerera m'cipinda mwace iye asanathe kuthokoza. M'mawa mwace mphunzitsi anafotokozera mnzace wa pa nchito, mai wa Cifinishi, ndipo maiyo anamuuza kuti kwao kusafunsa-funsa munthu ndiko kumlemekeza. Amayesa kuti kuimitsa mnzako panjira popanda cifukwa ndiko kumlanda nthawi yace, ndi kuti anthu awiri okhala pamodzi osalankhula sanayambane konse. Akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha. Mphunzitsi akadabwerera pa mlungu wacitatu, akadauza anthu a kwao bodza.

Anaphunziranso kuti mau ao ocepawo amawasunga. Msonkhano wa 9 koloko umayamba 9 koloko. Ukafunsa Mfinishi kuti ali bwanji, amaganiza poyamba, nakuuza zeni-zeni. Ukamuuza mwa ulemu cabe kuti adzabwere kudzaceza tsiku lina, iye amafunsa tsiku lace ndi ora lace. Mwana akataya cipewa panjira, wocitola amacipacika pa mtengo kuti mwini adzacione pobwera.

M'NYUMBA MWAO

Patapita miyezi iwiri, mai uja ndi amuna ace anamuitana kwao. Pakhomo anavula nsapato monga acita onse. Anampatsa khofi, pakuti Afinishi ali m'gulu la mitundu yakumwa khofi wambiri koposa pa dziko lapansi. Cakudya cinali nsomba, mbatata ya kacewere ndi buledi wakuda wowawasa, ndipo ngakhale anakhuta, mimba yace inafunsabe nsima. Wophika anali mwamuna, ndipo atatha kudya yemweyo anacotsa mbale, mkazi ali khale kuceza ndi mlendo. Si zacilendo kumeneko. Akazi a ku Finland analandira ufulu wa kusankha ndi kusankhidwa mu 1906, oyamba mu Ulaya monse, ndipo Mai Tarja Halonen anali Pulezidenti wa dzikolo kuyambira 2000 kufikira 2012.

Madzulo ace amuna anapita ku sauna. Iyi ndi kanyumba ka matabwa m'mene muli ng'anjo yaing'ono ndi miyala pamwamba pace. Miyala ikapsa amaithira madzi, nthunzi nidzaza m'kanyumbamo, ndipo anthu amakhala pa mabenchi thukuta liri kamu-kamu. Masauna aliko ngati 3,000,000, ndipo kale akazi analikuberekera m'menemo, ndi mitembo inalikusambitsidwa momwemo. Amuna amalowa paokha, akazi paokha, koma onse osabvala. Mphunzitsi anagwidwa manyazi akuru poona mwini nyumba alikulowa pamodzi ndi apongozi ace amuna, cinthu cimene ku Chongwe cingakhale mlandu. Cinamdabwitsa ndi cakuti m'kutentha muja ndimo anthu osalankhula aja anamasuka. Apongoziwo anasimba za atate ao amene anamenya nkhondo ndi Russia mu 1939, ndi za ubwana wao pa munda wa miyala, nafunsa za ng'ombe ndi mvula ya ku Zambia kufikira usiku.

Zina zimene anaona sanazisirire. Amai a mwini nyumba, nkhalamba ya zaka zoposa 80, analikukhala okha m'nyumba yao yoyera bwino ndi yofunda. Namwino wa Boma analikuwayendera, ndipo ana ao analikubwera pa Sabata. Sanasowe kanthu, koma panalibe mdzukulu wowatumikira kapena wowasokosera. Nyumba zoposa zinai mwa khumi ziri zonse za ku Finland muli munthu mmodzi yekha. Maliro amacitika patapita milungu iwiri kapena itatu, ndipo kawiri-kawiri amafikapo abale ndi abwenzi owerengeka. Kuyambira 2018 kufikira 2025 lipoti lochedwa World Happiness Report linaika Finland patsogolo pa maiko onse caka ndi caka. Koma mphunzitsi anaona kuti cimene iwo amacha cimwemwe ndico kusaopa: kusaopa njala, matenda, wakuba kapena wa ofesi wofuna ciphuphu. Cimeneco anacilemekeza, koma anati sangasinthanitse naco bwalo la madzulo la kwao.

CINENERO CIMENE CINANYOZEDWA

Tsono za sukulu, zimene anapitira. Ana amayamba sukulu caka cimene akwanitsa zaka 7. Kalasi imene analikuyendera inali ndi ana ngati 20. Anawo amaitana aphunzitsi ao ndi dzina lao loyamba, popanda "a" kapena "bambo", ndipo tsiku loyamba mlendoyo anayesa mwano. Koma anaona kuti mphunzitsi akayamba kulankhula, onse amachera khutu, ndipo ndodo mulibe. Masana mwana ali yense, wa wolemera ndi wa wosauka, amadya cakudya cofunda kwaulere, ndipo zakhala cotero m'dziko lonse kuyambira 1948. Mphunzitsi wa ana ang'ono amaphunzira zaka zisanu pa yunivesite. Ana ambiri amatha kuwerenga caka coyamba cisanathe.

Mlendoyo poyamba anati zonsezi nza cuma, ndipo dziko losauka silingathe. Koma atamva mbiri yao anasintha maganizo, pakuti kuwerenga kunayamba cuma cisanafike. Kwa zaka mazana ambiri Finland inalamulidwa ndi Sweden, ndipo kuyambira 1809 inalamulidwa ndi Russia kufikira pa 6 Disembala 1917, pamene inadziimira payokha. Masiku amenewo cinenero ca m'maofesi, m'mabwalo a milandu ndi m'sukulu zapamwamba cinali Ciswidishi. Cifinishi cinayesedwa cinenero ca alimi ndi anchito, ndipo wofuna kukwera anali kucisiya.

Komabe panali ena amene anacigwiritsa. M'busa wina, Mikael Agricola, anasindikiza kabuku ka zilembo m'Cifinishi mu 1543, ndi Cipangano Catsopano mu 1548. Lamulo la Mpingo la mu 1686 linafuna kuti anthu adziwe kuwerenga, ndipo abusa analikuyendera midzi caka ndi caka kuyesa akuru ndi ana omwe. Wolephera anali kubvutika kuloledwa ku Mgonero, ndipo wosadya Mgonero sanali kukwatitsidwa. Motero anyamata aulesi anaphunzira zilembo cifukwa ca mbeta. Mu 1863 Mfumu Alexander II wa ku Russia analola kuti Cifinishi ciyambe kulowa m'maofesi, ndipo caka comweco Uno Cygnaeus anatsegula ku Jyväskylä sukulu yoyamba yophunzitsa aphunzitsi m'Cifinishi, ya amuna ndi akazi, m'mene analikuphunziramo mabuku pamodzi ndi nchito za manja. Mphunzitsi wa ku Chongwe pakumva ici anakumbuka Chalimbana, kumene sukulu ya Jeanes inakhazikika mu 1939, yophunzitsa aphunzitsi ndi akazi ao za mabuku, za ulimi ndi za ukhondo wa pamudzi.

Ndipo anthu amene anacita izi sanali olemera. Zaka zitatu zokha citsegulire sukulu ija kunagwa njala yoopsa, ya 1866 kufikira 1868. Cisanu cinapha mbeu m'minda, anthu nasanganiza ufa ndi makungwa a mitengo, ndipo anafa oposa 100,000. Ngakhale cakudya ca m'sukulu cija cinayamba dziko litangoturuka m'nkhondo, lirikulipira Russia mangawa olemera.

Asayese munthu kuti sukulu zao ziribe cirema. Mu 2000 ana a ku Finland anapambana onse pa mayeso a kuwerenga a maiko ambiri ochedwa PISA, koma m'zaka zotsatira anatsika pang'ono-pang'ono, ndipo pa mayeso a 2022 anatsika koposa. Aphunzitsi ao amadandaula kuti anyamata ambiri aleka mabuku cifukwa ca mafoni.

ZILEMBO NDI MALIU AO

Cinsinsi cimodzi ca kuwerenga msanga kwa ana ao ciri m'kalembedwe. Cifinishi cimalembedwa monga cimvekera: cilembo cimodzi, liu limodzi. Zilembo a, e, i, o, u amazichula monga m'Cinyanja. Mwana akadziwa liu la cilembo ciri conse, angathe kulumikiza ndi kuwerenga mau amene sanawaonepo. Mlendoyo, wosamva Cifinishi, anatha kuwerenga buku la ana mokweza mlungu woyamba, ana namseka pang'ono cabe. Anapezanso kuti iwo ali ndi mau amodzi, "hän", onenera mwamuna ndi mkazi yemwe, monga "iye".

Pamenepo anazindikira kuti Cinyanja ndi Cisoli ziri nao mwai womwewo, koma mwaiwo umatayika pakhomo pa kalasi. Mwana wa kwao amayamba ndi kuloweza maina a zilembo a Cingerezi. Amauzidwa kuti cilembo "a" ndi "ei", "e" ndi "i", "i" ndi "ai". Tsono akapatsidwa mau akuti "amai" kapena "mbale", maina aja samthandiza, ndipo amangoyang'ana nkhope ya mphunzitsi. Akatswiri a ku Jyväskylä, motsogozedwa ndi Profesa Heikki Lyytinen, anakonza masewera a pa foni ochedwa GraphoGame, m'mene mwana amamva liu nasankha cilembo cace. Pamodzi ndi anzao a pa Yunivesite ya Zambia anawasandutsa m'Cinyanja nawayesa m'sukulu za Boma za mu Lusaka, ndipo zimene anasindikiza mu 2014 zinaonetsa kuti masewerawo anathandiza ana a Giredi 1. Mphunzitsi anaona kuti mphamvu siri m'foni ai, koma m'kuphunzitsa liu la cilembo m'cinenero cimene mwana amva, ndipo cimeneco cingatheke ndi coko ndi bolodi.

Panatsala funso limodzi lomlasa mtima. Mu 1966 lamulo la Zambia linaika Cingerezi kukhala cophunzitsira kuyambira kalasi yoyamba. Mu 2014 Boma linalamula kuti makalasi anai oyamba aphunzire m'zinenero za m'dziko. Ndipo malamulo amenewa asintha kangapo. Koma zinenero zosankhidwa kulowa m'sukulu ziri zisanu ndi ziwiri zokha, ndipo ku Chongwe cinagwerako ndi Cinyanja. Mwana wa kumidzi ya Mfumu Yaikuru Nkomeshya Mukamambo II amene anayamwa Cisoli amapeza buku lace loyamba liri m'cinenero ca eni. Atafotokoza ici, anzace a ku Finland anaweramitsa mitu, namuuza kuti iwonso anacimwira anthu a mtundu wa Sámi, oweta nyama zonga mphalapala kumpoto kwa dziko lao. Itatha nkhondo ana a Asámi anatengedwa ku sukulu zogonera komweko, kumene ambiri analetsedwa kapena kucititsidwa manyazi polankhula cakwao, ndipo ena anaciiwala. Lamulo loteteza cinenero cao linayamba kugwira nchito mu 1992, zambiri zitatayika kale. Mtundu umene unalirira cinenero cace unapondereza ca mnzace wocepa.

POBWERA KWAO

Anacoka mu Juni, nthawi imene usiku wa kumeneko sukuda konse, ndipo anthu aja a nkhope zouma anali kuseka m'mphepete mwa nyanja ngati anthu ena. Nkhalamba ya timalamba ija inamgwira canza pakhomo, ninena mau atatu kapena anai, ndipo kwa iyo kunali kutsazika kwakukuru.

Kwao anapeza kalasi yace monga anaisiya: ana oposa 70, ena okhala pansi, pakuti ciyambire maphunziro aulere mu 2022 ana acuruka koposa mipando. Ambiri amabwera osadya kanthu, makamaka citapita cilala ca 2024. Anthu anayembekeza kuti wabwera ndi makompyuta. Pamene a mfumu a mudzi anaitanitsa makolo, iye anaima nati sanabwere ndi katundu, koma ndi zopempha zitatu. Coyamba, kuti ana ayambe ndi maliu a zilembo, maina a Cingerezi adze pambuyo. Caciwiri, kuti agogo abwere ku sukulu kudzasimba nthano m'Cisoli, iye azilemba ndi zilembo zazikuru pa mapepala, kuti mwana aone mau a m'nyumba mwao ali pa khoma. Cacitatu, kuti mudzi ulime munda wa sukulu mwa dima, ana apeze phala la mamawa. Ndipo anawauza kuti Afinishi omwe ali nalo dima lao, lochedwa "talkoot", limene anansi amasonkhanira kumanga kapena kukolola popanda malipiro, nalandira cakudya.

Za munda onse anabvomera. Za zinenero panabuka mkangano. Bambo wina anaimirira nati, iye sanatumize mwana ku sukulu kukaphunzira Cisoli cimene acidziwa kale. Nchito za ku Lusaka zifuna Cingerezi, ndipo ana a olemera amaciyamba ali pa msana. Mau ao anali olemera, ndipo ambiri anaomba m'manja. Mphunzitsi anayankha mwaulemu kuti nayenso afuna ana adziwe Cingerezi. Kuti anyamata a ku Finland amacilankhula bwino ndithu, koma amaciphunzira monga phunziro limodzi, kuwerenga atakuyamba m'cinenero cao. Ndi kuti mwana amaphunzira kuwerenga kamodzi kokha, ndipo akadziwa amasenza luso lomwelo kunka nalo ku cinenero ciri conse. Bamboyo sanakhutire, koma analola kuti aone caka cimodzi.

Caka cimeneco sicinathe, ndipo mlandu ukali poyera. Agogo atatu amafika Lacisanu liri lonse, ndipo nthano zisanu ziri kale pa khoma. Pambali pa nthanozo pali msomali, ndipo pa msomalipo papacikidwa timalamba tiwiri ta mphira tokhala ndi misomali yaifupi, timene ku Chongwe tiribe nchito. Ana atsopano akafunsa kuti nciani, mphunzitsi amawasimbira za nkhalamba yosapereka moni, nalemba pa bolodi mau a Cifinishi akuti "kiitos", ndiko kuti zikomo, nawauza kuti awawerenge okha.

Omvera amene ali makolo kapena aphunzitsi, a ku Chongwe ndi a kwina komwe, ali nao maganizo ao pa mkangano wa bambo uja ndi mphunzitsi. Alembe makalata, ndipo adzawerengedwa pa wailesi.